Ngalande ya Alamu Anga a Kwezamadzi

Loweruka lapitali tinamanga chiliza cha alamu anga, a Zakeyu Ngozo, poti chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Mmisiri wolemba pamwala atafunsa dzina, panabuka kamkangano. Ana awo ankafuna dzina laubatizo lokha, pomwe anthu olima mpunga musikimu yathu ankati akangolemba Zakeyu basi, adzukulu obwera sadzadziwa kuti pamenepo pagona yani. Akulu anga a Esinati, omwe ndi akazi a malemuwo, anadula nkhani.

"Lembani onse awiri," anatero. "La Kwezamadzi lija analikhetsera thukuta kuposa la kutchalitchi."

Ine ndine mng'ono wawo wa a Esinatiwo, ndiye a Ngozo anali alamu anga, munthu wonyozana naye. Ndinawanyoza zaka zonse anali moyo, nawonso sankandisiya. Lero lokha ndiwatamande, poti sangathenso kundidula mawu.

Anali bambo woonda, wamatewe, wa mawu omveka tsidya lina la mtsinje. Poyenda maso ankangokhala pansi, manja kumbuyo, moti alendo ankaganiza kuti ndi munthu waulemu kwambiri. Ulemu wake uti! Ankayang'ana kumene nthaka yapendekera. Mukawapatsa moni panjira ankayankha mwachidule, kenaka n'kukuuzani kuti pamene mwaimapo, mvula ikadzabwera, padzasanduka khwawa. Paukwati wa mwana wanga woyamba, anthu ali kalikiliki kufupa, iwo anapezeka kuseri kwa tchalitchi akukangana ndi mkulu wa mpingo kuti madzi a padenga akulowa pansi pa maziko. Mkuluyo anapsa mtima, koma dzinja lomwelo khoma linang'aluka ndithu. Alamu anatha mwezi wathunthu akudutsa dala pakhomo pa mkuluyo, kumangotsokomola.

Kwawo kunali ku Tsangano, kumapiri kozizira kumene anthu amalima kachewere. Kuno kuchigwa, kufupi ndi Kasinje, anabwera asanakwatire kudzasinthitsa kachewereyo ndi mpunga, ndipo anabwerera ndi mpunga wochepa koma mtima utatsala kwa akulu anga. Chaka chotsatira anamanga nyumba m'mudzi mwathu ngati mkamwini. Kutentha kwa kuno sanakuzolowere mpaka imfa. Udzudzu ankautukwana tsiku ndi tsiku, ati kwawo chilombo chotere sichingagone. Ine ndinkawayankha kuti magalimoto opita ku Tsangano sanathe, iwo n'kumati akadapita kalekale, koma akuopa kuti tikatsala tokha tidzamwa matope.

Kuuma mtima kwawo pankhani ya madzi ndinakulawa ndekha. Musikimu muli lamulo, limene analiika ndi iwo, lakuti Lachiwiri lililonse m'mawa banja lililonse litumize munthu wokachotsa matope ndi udzu mungalande, ndipo wojomba, sabata imeneyo madzi sawaona. Chaka china ndinajomba chifukwa ndinapita ku Nsipe kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Pobwera ndinapeza polowera madzi papuloti yanga atatsekapo ndi dothi, nazale ya mpunga itayamba chikasu. Ndinawapeza akusenda nzimbe pakhonde.

"Alamu, mwanditsekera ine?"

"Ndatsekera puloti nambala eyiti. Sindinayang'ane kuti mwini wake ndani."

"Ndinapita kukaona mdzukulu wanu yemwe!"

"Ali bwanji mwanayo?"

"Ali bwino."

"Zikomo. Madzi mudzawaona Lachiwiri likudzali, mukabwera ndi fosholo."

Sindinawalankhule milungu itatu. Nditakadandaula kwa akulu anga, iwo anaseka mpaka misozi, ati chaka chapitacho anawatsekeranso iwowo, akazi awo enieni. Nazale ija sinafe. Patapita nthawi ndinamva kwa oyandikana nawo puloti kuti masiku onsewo alamu ankatunga madzi ndi kheni kumtsinje n'kumathirira nazale yanga ine kulibe. Koma polowera madzi sanatsegule, ndipo nditawafunsa za kheniyo anakana kwamtuwagalu.

Achinyamata a masiku ano amaganiza kuti ngalande ija inabadwa pamodzi ndi mtsinje. Ayi ndithu. Ife tikukula, mtsinje wa Livulezi unali wodziyendera wokha. Dzinja unkabwera wofiira, utanyamula mitengo ndi mbuzi zakufa kuchokera kumapiri, n'kutitsekera njira ya kuchipatala masiku angapo. Chilimwe unkabwerera m'khwawa lake lakuya, n'kumadutsa phee pansi pa magombe aatali kuposa munthu. Tinkachapamo, tinkatungamo, amuna ankatchera miono ya milamba, ndipo amene anali ndi mphamvu ankalima kadimba m'mphepete n'kumakwera gombe ndowa ili pamutu. Mpunga tinkabzala kudambo kamodzi pachaka, kudalira mvula. Mvula ikanyanyala, dambo linkachita ming'alu yolowa phazi, madzi akudutsa chapafupi pomwepo.

Ndiye kunabwera chaka cha njala yaikulu ija, imene tinkadya gaga ndi zitsa za nthochi. Amuna ambiri anawolokera ku Mozambique kukasuma. Tikuchokera koika mwana wa mnansi wathu, maliro achitatu m'mwezi umodzi, alamu anaima pagombe n'kulankhula mokweza, osayang'ana munthu. Anati kwawo kamtsinje kongodumpha ndi mwendo umodzi kamadyetsa mudzi chaka chonse, pomwe ife tikuikana m'manda chimtsinje chonsechi chikudutsa pakhomo. Ena anakhumudwa, poti si mawu olankhula pochokera kumanda. Koma mvula itangosiya tinawaona akulowera kumtunda, thabwa lili paphewa.

Thabwalo ndilo linali chida chawo chonse. Pakati pake anamangirirapo ndi malegeni botolo lathyathyathya la mankhwala a chifuwa, lodzaza madzi, kungosiya kathovu kamodzi. Kunsonga yakutsogolo anakhomerako kunsi kachidutswa konenepa ngati chala. Ankakhoma chikhomo, kugonekapo thabwa, kukhoma china kutsogolo mpaka kathovu kaima pakati, n'kusendera. Motero pathabwa lililonse njira inkatsika chala chimodzi basi. Anayambira kumtunda kwenikweni, pamene mtsinje umatulukira m'miyala usanalowe m'khwawa lakuya. Popeza mtsinjewo umatsika mothamanga pomwe zikhomo zawo zinkatsika mwaulesi, mzere wa zikhomo unayamba kutalikirana ndi madzi n'kukazungulira m'nthiti mwa kachitunda kena. Munthu akaima kumudzi n'kuyang'ana, mzerewo unkaoneka ngati ukukwera phiri.

Unadutsanso pakati pa munda wa amalume athu, a Bonifasi, omwe anali mwini mbumba. Amalumewo anali telala, makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ku Kasinje, ndipo tepi yoyezera sinkachoka m'khosi ngakhale kumunda. Atapeza zikhomo mu nandolo wawo, anazula zitatu n'kubwera nazo m'manja.

"Akamwini, izi n'zanu?"

"N'zanga, amalume. Ndimati ndibwere ndidzapemphe."

"Mumati mudzapemphe mutakhoma kale? Mukufunamo chiyani m'munda mwanga?"

"Podutsa madzi. Mikono iwiri basi m'lifupi. Akakafika kudambo, tonse tizidzakolola kawiri pachaka."

Amalume anayang'ana kumtsinje kutsika uko, anayang'ananso kumene kunali zikhomo, n'kuseka mpaka kugwira mawondo.

"Tamvani, anthuni! Tapeza mkamwini wokweza madzi! A Kwezamadzi! Makolo athu onse aja anali ogona, amadikira inu a ku Tsangano?"

Dzina lija linayambira pamenepo, ndipo linali lachipongwe. Amalume analola, koma ndi mawu olemera, pamaso pa mbumba yonse. Nandolo azulidwe, mitengo iwiri ya mango idulidwe, koma mwezi wa Ogasiti ukatha madzi asanafike kudambo, ngalande ikwiriridwe ndipo mkamwini anyamule mphasa yake abwerere kwawo. Sizinali zocheza. Masiku amenewo amalume akati banja latha, linkathadi, ndipo ana awo asanu akadatsala kuno poti ana ndi a kuchikazi. Alamu anangoti, "Ndamva." Akulu anga, amene chibadwire sanawayankhepo amalume, anadzuka n'kunena kuti pamphasa imeneyo pamagona anthu awiri, ikanyamuka nawonso anyamuka. Amalume anayang'ana kumbali.

Tinayamba kukumba mabanja khumi ndi awiri, koma pofika pachitunda tinatsala asanu, ambiri amayi. Zokolola za chaka chimenecho zinali zongonyambita, ndiye tinkagwira piki ndi phala lamadzimadzi m'mimba. Alamu sankaona zimenezo. Ankadumphira mungalande ndi kandodo koyezera, ndipo ukazamitsa khasu kupitirira muyeso ankakuuza kuti ubwezere dothi n'kulipondaponda. Ndinawauza tsiku lina kuti ngati akufuna kutipha angonena, manda ake takumba kale, ataliatali. Anandiyankha kuti manda anga ndi okhota, ndiwongole.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mwezi uthe, Lachiwiri m'mawa, ngalande inafika kudambo. Kumutu kwake alamu anali atatchinga mtsinje ndi nsungwi, miyala ndi matumba a mchenga. Anachotsa dothi lotsiriza, madzi n'kulowa. Ankayenda pang'onopang'ono, kutsogolo atanyamula thovu ndi tizinyalala, ife tikuyenda nawo m'mbali ngati tikuperekeza mkwatibwi. Anazungulira chitunda chija, ndipo amene ankati madzi sangafikeko anayamba kuchepetsa mawu. Analowa m'munda wa amalume. Kenaka, pamalo pamene kalekale mtsinje unkadutsa n'kusiya mchenga pansi pa dothi, madzi anayamba kuchepa. Anayenda pang'ono, anaima, n'kumangolowa pansi ife tikuona. Tinadikira mpaka dzuwa lili pamutu. Kutsogolo kunali gwaa, kouma.

Amene anabwera kudzaseka anaseka mokwanira. Amalume okha sanaseke. Anangoti, "Lolemba ndiye lomaliza, akamwini," n'kumapita.

Alamu anagwada n'kupisa mkono mumchengamo mpaka m'chigongono. Ine mtima unkandiwawa, koma pakamwa panga pamatuluka zake.

"Alamu, mwina madziwa atsogola ku Tsangano kudzera pansi, akakudikireni komweko."

Anandiyang'ana, maso ali psuu, ine n'kudziwa kuti lero ndaonjeza. Koma anadzuka, anasasa mchenga, n'kuloza chulu chachikulu chimene chinali kumalire kwa munda.

"Mlamu, pakamwa panu m'pamphamvu. Tione ngati khosi lilinso chimodzimodzi. Katengeni ndowa."

Alamu atatsekanso madzi kumutu, Lachitatu ndi Lachinayi tinasenza dothi la pachulu, lomata lija, n'kumaliyala pansi ndi m'mbali mwa ngalande pamalo onse amchenga, mtunda ngati bwalo la mpira. Koma kuyala kokha sikunali kanthu. Dothilo linayenera kutsenderedwa mpaka ligwirane, apo ayi madzi akadalibowola. Lachisanu tinabwera ndi minsi ya kumtondo n'kuyamba kusinja pansi. Manja analibe mphamvu. Dzuwa litakwera tinali titangotha mapazi owerengeka, ndipo amayi awiri anakhala pansi, ati kwawo kwatha, mkamwini akalongedze.

Pamenepo m'pamene tinaona chimene sitinachionepo. Alamu anavula nsapato, anapinda thalauza, anawaza madzi padothi, anatola lichero la mayi wina kumanzere ngati chishango, mpini wa khasu kumanja, n'kudumphira mungalande. Anayambitsa nyimbo ya ngoma ya kwawo, ya m'chilankhulo chakale cha Angoni, chimene ngakhale iwo eni ankangodziwa mawu ake, tanthauzo lonse ayi. Anakweza mwendo wamatewe uja mpaka pachifuwa n'kuuponda pansi: di! Winawo: di! Matope n'kuthovukira m'mwamba. Zaka zonse zimene anakhala m'mudzi mwathu munthuyu sanavinepo, ngakhale paukwati wake womwe.

Tinaseka mpaka ena kugwa pansi. Iwo nkhope ili gwa.

"Mukuseka chiyani? Lowani! Phazi likuposa munsi, taonani! Nanu aNaphiri, lowani!"

ANaphiri ndi mmene ankaitanira akulu anga. Akulu angawo anamanga chitenje m'chiuno n'kutsikiramo, ine pambuyo pawo. Alamu anatiika atatuatatu, natiphunzitsa povomera ndi poponda. Poyamba tinkaponda aliyense nthawi yake ngati ng'ombe zothawa mvula, iwo akukalipa, koma amayi a kwaya anaigwira nyimbo msanga. Posakhalitsa anaikamo mawu athu a Chichewa, onyoza mchenga wakuba madzi, kenaka onyoza a Kwezamadzi eni ake, iwo n'kumavomera mokweza kuposa tonse. Amayi awiri anakhala pansi aja anadzuka okha. Anthu opita kuchipatala anatsika panjinga kuti aonerere, n'kupezeka nawonso apinda mathalauza. Mabanja amene anatithawa pachitunda anabwera popanda wowaitana, ena akupempha kuti tiwasendezere malo. Gogo wina wovutika miyendo anakhala pamwamba pa dothi n'kumatiimbira nthungululu mpaka mawu kusasa. Pofika masana mzere unali wodzaza kuyambira uko mpaka uko, mapazi onse akugwa nthawi imodzi, di! di! di! moti madzi a m'ndowa zimene tinaika pambali ankagwedera. Lachisanu lonse. Loweruka lonse. Njala tinaiiwala, mapazi anatupa, matope anafika m'tsitsi. Pamaliro awo chaka chathachi abale awo a ku Tsangano anabwera ndi ngoma yeniyeni, ya zikopa, zishango ndi mangenjeza, yokongola zedi, koma ife amene tinavina m'matope tinkangoyang'anana.

Loweruka dzuwa likupendeka, pansi pa ngalande panali see, ngati nyumba yozira kumene. Lamulungu tinapuma. Alamu anakhala m'tchalitchi dothi la pachulu likadali kuseri kwa makutu.

Lolemba m'mawa mudzi wonse unali pamenepo, ndi midzi ina yomwe. Amalume sanapite kukasoka. Anatenga mpando wawo wopinda n'kukakhala kudambo, kumathero kwenikweni kwa ngalande, ati adikire pomwepo kuti pasadzakhale bodza. Alamu anatsegula. Madzi analowa, anazungulira chitunda, analowa m'munda. Atayandikira pamchenga paja tonse tinasuzumira mungalande. Anafika padothi lathu lija, anachita ngati akuganiza kaye, kenaka n'kutsetsereka mofulumira kuposa kale.

"Adutsa! Adutsa!"

Sindikudziwa amene anayamba kukuwa. Tonse tinali paliwiro, amayi ana akudumpha kumsana, nkhalamba zitataya ndodo, agalu akuuwa osadziwa chimene chachitika. Akulu anga mpango unagwa, sanautole. Alamu ankathamanga mkati mwa ngalande momwe, patsogolo pa madzi, chafutambuyo, akuwakodola ndi manja awiri ngati mwana wophunzira kuyenda.

"Bwerani! Bwerani, achimwene! Kwatsala pang'ono!"

Anapunthwa n'kugwa chagada, madzi n'kuwadutsa pamimba. Anadzuka akuseka, kuseka kumene sindinakumvepo, n'kuyambanso kuthamanga.

Kudambo madzi anagwera m'ming'alu, nthaka ikumwa kuti tswii, mpaka inakhuta ndipo madzi anayamba kuyala pamwamba. Amalume anadzuka pampando. Anavula tepi m'khosi, anawerama, n'kuiviika mungalande mpaka pansi. Anaiyang'anitsitsa ngati akuyeza suti ya bwana.

"Mainchesi naini," anatero. Kenaka anatembenukira kwa alamu, amene anali chiimire zovala zikudontha. "Ngozo!"

Aka kanali koyamba kuwaitana ndi mfunda wawo m'malo moti akamwini.

"Wawa, amalume."

"Puloti yanga ikhala iti?"

"Yakumapeto."

"Yakumapeto? Munda umene wang'ambidwa ndi wanga!"

"N'chifukwa chake. Madzi azidzayambira kumapeto kubwerera kumtunda. Mukakhala inu kumeneko, palibe adzayerekeze kuwaba panjira."

Amalume anawayang'ana, anayang'ana ife, n'kuphulika kuseka. Lamulo limenelo lilipo mpaka lero: wotsiriza ndiye woyamba kuthirira. Chaka chimenecho tinabzala chimanga msanga, ndipo njala itabwereranso mu Disembala ana athu ankawotcha mondokwa. Mpunga wachilimwe unayamba chaka chotsatira.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo anthu anawakonda. Patapita zaka kunabwera Okutobala wowotcha, mtsinje unachepa, ndipo alamu ali ku Tsangano kumaliro, anthu athu anaonjezera matumba n'kutseka mtsinje wonse. Mudzi wa kumunsi unatsala ndi zithaphwi zobiriwira. Amuna akumeneko anabwera ndi makasu kuti adzagumule, athu n'kuwadikira ndi zibonga. Alamu anatsika minibasi n'kumva nkhaniyo pamsewu, anafika chikwama chili m'manja, magulu awiri akuyang'anizana mtsinje uli pakati. Anaika chikwamacho pansi. Analowa m'madzi ndi zovala za kumaliro n'kuyamba kukoka matumba a mbali imodzi, limodzilimodzi, mpaka madzi anapeza njira yotsikira kumunsi.

"Mwatigulitsa!" anakuwa bambo wina wa kwathu. "Mkamwini ndi mkamwini basi!"

"Eya, ndine mkamwini," anayankha thumba lili m'manja. "Mtsinjewunso si wobadwira m'mudzi muno. Ukungodutsa."

Chaka chimenecho mapuloti ena anapserera, yawo yomwe inali m'gulu limenelo, ndipo panali mabanja amene sanawapatse moni mpaka masika. Sanapepese kwa aliyense. Ankati wotseka mtsinje wonse akuphunzitsa a kumtunda kuti nawonso adzamutsekere, ndipo kuyambira pamenepo tchingo lathu limasiya mpata mbali imodzi, kaya kuume bwanji. Mvula yoyamba ikayandikira ankalipasula lonse ndi manja awo, nsungwi n'kuzisunga pamtunda, ati madzi a dzinja safuna kupeza chitseko chotseka.

Pankhani yomweyo anakangana ndi injiniya wa bungwe lina limene linabwera kudzatithandiza. Simenti ya mungalande anailandira, ngakhale tsiku limene ankaphimba dothi lathu la pachulu lija anachokapo msanga, ati mutu ukuwawa. Koma tchingo la simenti limene bungwelo linafuna kumanga kumunsi kwa miyala analikana poyera. Anamuuza injiniyayo kuti pamenepo mtsinje sugona malo amodzi, iwo awuona ukusamuka kawiri. Injiniya anali munthu waulemu, anawamvetsera, anawaonetsa mapepala, n'kumanga ndithu. Tchingolo linagwira ntchito bwino zaka zingapo, anthu n'kumati alamu analakwitsa. Kenaka kunabwera namondwe woopsa, mtsinje unang'amba njira yatsopano, ndipo chikhoma chija chinatsala chokha pamchenga wouma. Lero amayi amayanikapo zovala. Ife tinabwerera kumiyala, kunsungwi ndi matumba.

Koma si zonse zimene ankalondola. Mapampu a sola atabwera anawada osawaona n'komwe. Ankati ndi zida za alesi, adzayamwa mtsinje mpaka fupa. Anakana kupita kumsonkhano wake, anakalipira mwana wawo wamkazi chifukwa cholowa m'gulu la mapampuwo. Mapampuwo lero akuthirira minda ya pamwamba, imene ngalande yawo sikadafikako, ndipo mabanja amene kale ankangotiyang'ana akudya tomato ndi chimanga chachilimwe. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pamthunzi wa magalasi a solawo, foni yawo ili pachaja.

"Alamu, mwatembenuka mtima?"

"Ndikuona mmene malowa apendekera," anatero, osandiyang'ana.

Chaka chomaliza miyendo inawakana, sankatha kutuluka panja. Wobwera kudzawazonda ankayamba amuyang'ana kumapazi. Akaona matope akuda ankadziwa kuti madzi afika kudambo, n'kufunsa za kunyumba. Akaona fumbi, moni ankatsalira, mafunso n'kuyamba: lero ndi tsiku la yani, watsegula ndani, nanga apampando a sikimu akudziwa? Ine ndinkadzera dala mungalande ndisanalowe m'nyumba, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa, chifukwa tsiku lina anandiuza kuti matope anga afika mwendo umodzi wokha. Anamwalira nthawi ya masika, anthu akumweta mpunga, ndipo uthenga utafika musikimu zikwakwa zinagona pansi tsiku lomwelo. A mudzi wa kumunsi uja ndi amene anabwera kudzakumba manda.

Dzulo m'mawa, alendo a chiliza atabalalika, ndinapita kumutu kwa ngalande. Tchingo la chaka chino amanga bwino, mpata wa mbali imodzi ulipo, madzi akulowa mwakachetechete. Pagombe pali mkuyu, ndipo muzu wake umodzi ndi wosalala mbuu pamene ankakhalira. Tsopano pagwera masamba ndi zitosi za mbalame. Kuchokera pamuzupo kutsikira kumadzi pali masitepe a dothi amene anasema okha ndi khasu mawondo atayamba kuwavuta, ang'onoang'ono, oyandikana kwambiri. Amene amatsegula madzi masiku ano ndi anthu a mphamvu zawo, amatsika akulumpha imodzi n'kuponda inayo. Masitepe amene amapondawo ndi oyera, olimba. Apakatipakati aja amera udzu.